Malangizo kwa Ofuna Kulemera ndi Nkhope ya Hindenburg

Mwa njira zonse zimene ana a anthu adapeza zolemerera popanda kugwira khasu, palibe ina yaulemu, yofatsa ndi yodzala ndi mawu akuluakulu kuposa iyi yosonkhanitsa ndalama zasiliva za ku Germany zokhala ndi nkhope ya Paul von Hindenburg, nkhalamba ya mutu wangodyangodya ndi ndevu zapamlomo zotambalala, imene idalamulira asilikali a dziko lake pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pambuyo pake nikhala pulezidenti kufikira imfa yake. Anthu a mpingo umenewu mwawaona nonse, kapena pa intaneti pamene amaika zithunzi zosaoneka bwino za kandalama kali pachikhatho, kapena m'misika ya zinthu zakale kumene amaima chiweramire, diso limodzi atatsinzina, lina atalikanikiza pa galasi lokuzira zinthu, ngati kuti m'makwinya a tsaya la mkuluyo mudalembedwa tsiku la chimaliziro. Tsono popeza ambiri akulowa mu mpingowu osadziwa miyambo yake, ndipo akulu adati safunsa adadya phula, ndaona kuti n'koyenera kuyala malamulo ake poyera, kuti yense wofuna kutaya chuma chake achitaye mwadongosolo.

Lamulo loyamba, limene lili mutu wa ena onse, ndi ili: ndalama yanu muitche yosowa. Musazengereze, musafunse munthu, musatsegule buku. Lembani liwulo ndi malembo aakulu, mulitsatize ndi zizindikiro zofuula zitatu kapena zinayi, ndipo mtengo wake muuike pamene wogula ayenera kukhala pansi asanauwerenge. Zoona zake, zimene simuyenera kuzitchula pamaso pa wogulayo, ndi zakuti boma la Germany lidasula ndalama ya 5 Reichsmark ya nkhope imeneyi kuyambira 1935 kufikira 1939, ndi ina yocheperapo ya 2 Reichsmark kuyambira 1936 kufikira 1939, ndipo silidazisule zowerengeka ngati mphatso za mafumu ayi, koma mamiliyoni makumimakumi, kuti anthu azigulira buledi, mowa ndi malasha. Nkhondo yachiwiri itabuka, boma litasiya siliva n'kuyamba kusula makobidi a zinki ndi aluminiyamu, anthu wamba, amene adali asanaiwale chaka cha 1923 pamene ndalama zapepala zidasanduka zinyalala m'manja mwao, adabisa zasilivazo m'masokosi, m'zitini ndi pansi pa matiresi, kotero kuti kufikira lero n'kovuta kuti agogo amwalire ku Germany popanda adzukulu kukapeza Hindenburg mmodzi kapena awiri m'kabati. Koma mtima wanu usatekeseke ndi zimenezi, pakuti mu mpingo uno chinthu chimakhala chosowa pamene mwini wake ali nacho chimodzi chokha.

Ndipo popeza chinthu chosowa sichiyenda chokha popanda mbiri, muipezere mbiri ndalama yanu. Nenani kuti idatuluka m'thumba la mkulu wa asilikali, kapena kuti idakumbidwa pansi pa nyumba yachifumu, kapena kuti mudaipatsidwa ndi mzungu wokalamba amene adakulumbiritsani kuti musadzatchule dzina lake. Mboni zanu zonse zikhale zoti zidamwalira kale. Zilipodi zina zovutirapo kupeza, monga ya 2 Reichsmark ya 1939 yokhala ndi lembo la E, imene idasulidwa yosakwana theka la miliyoni, koma amene ali nayo safuula, chifukwa ogula ake amaidziwa okha.

Lamulo lachiwiri: sikelo isalowe m'nyumba mwanu, pakuti sikelo ilibe ulemu, sidziwa maudindo a anthu, ndipo simva nthano za agogo. Mukaikapo ndalama ya 5 Reichsmark idzakuuzani mopanda manyazi kuti ikulemera magalamu 13.89, ndipo popeza magawo 900 mwa 1,000 ndiwo siliva, otsalawo ndi mkuwa, siliva weniweni amene alimo ndi magalamu 12.5, ya 2 Reichsmark imalemera magalamu 8, siliva wake ndi magawo 625, ndiye kuti magalamu 5 basi. Wamalonda wodziwa ntchito yake, mukamubweretsera ndalama yoti idayendayenda m'manja mwa anthu, sadzavula chipewa kapena kuitana mkazi wake kuti adzaone. Adzayang'ana mtengo wa siliva wa tsiku limenelo, nachulukitsa, nachotsapo phindu lake, nakupatsani chotsalacho, inu muli pakati pa nthano yanu ya mkulu wa asilikali uja. Sikelo ili ndi khalidwe linanso loipa, lakuti imaulula zonyenga: ndalama zabodza, zimene nazonso zadzaza misika, kawirikawiri sizikwana kulemera kwake, zina zimaphonya mlingo wake wa mamilimita 29 kwa yaikulu ndi 25 kwa yaing'ono, ndipo zina zimakakamira ku maginito, chinthu chimene siliva sachita. Munthu amene wagula kandalama pa mtengo wa ng'ombe ayenera kutetezedwa ku nkhani zotere, chifukwa chake sikelo ndi maginito muzisiyire anthu opanda chikhulupiriro.

Lamulo lachitatu, limene ndilikonda koposa chifukwa ndilo likometsa misonkhano, ndi lakuti mulambire timikwingwirima. Ku America kuli makampani, monga NGC ndi PCGS, amene ntchito yao ndi kulandira ndalama yanu, kuiyang'anitsitsa, kuipatsa nambala pakati pa 1 ndi 70, ndi kuitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kosatseguka popanda kukaswa. Ndipo inu mudzalipira kutumiza, mudzalipira kuyeza, mudzalipira kubweza, mwina kuposa mtengo wa ndalamayo, kuti pomaliza mulandire uthenga wakuti Hindenburg wanu ndi wa 63. Pamenepo mulire ndithu, pakuti wa mnzanu ndi wa 64, ndipo kusiyana kwa nambala imodzi kumeneku, kumene diso la munthu wabwinobwino silingakuone, kukhoza kusintha mtengo koposa mmene siliva yense ali m'menemo angausinthire. Amuna a imvi, odziwika ndi nzeru m'mabanja mwao, atha kutsutsana madzulo onse ngati tsitsi la pamwamba pa khutu la mkuluyo lidafufutika ndi zala za anthu kapena chidindo chosulira ndicho chidali chitatha. Ndipo ndalama imene idapangidwa kuti iziyenda kuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo idzagwidwa m'mphepete mokha, ndi magolovesi oyera, wogwirayo atabanika kuti mpweya wake usaidetse.

Kuchokera pamenepa pakubadwa lamulo lachinayi, lokhudza a m'banja mwanu. Muwalole kuti akuthandizeni. Tsiku lina mwana wachangu, kapena mayi a kunyumba amene sakonda kuona chinthu chakuda m'nyumba mwao, adzapeza ndalama zanu zitachita bii, adzazimvera chisoni, nadzazikwecha ndi phulusa ndi mchenga kufikira zitati mbee. Ndipo madzulo adzakuonetsani ntchito ya manja ao akuyembekezera kuthokozedwa. Muwathokoze, pakuti m'mphindi zochepa akuchotserani mtolo wa mtengo umene mukadavutika nao pogulitsa. Kunena mosapsatira, ndalama yakale satsuka. Kuda kuja ndi umboni wa zaka zake, ogula amakufuna, ndipo timizere timene mchenga umasiya sitifafanizika mpaka kalekale. Musaisungenso m'mapulasitiki ofewa otsika mtengo, amene pakapita nthawi amatulutsa thovu lobiriwira lodya nkhope ya chitsulo.

Ena mwa malamulowa ndingowadutsa msangamsanga, popeza ngosavuta. Pafupi ndi khosi la mkuluyo pali kalembo kosonyeza kumene ndalama idasulidwa: A ndi Berlin, D ndi Munich, E ndi Muldenhütten, F ndi Stuttgart, G ndi Karlsruhe, J ndi Hamburg, ndipo B ndi Vienna, imene idalowa m'gululi Germany atameza dziko la Austria mu 1938, gulani zonse, chaka ndi chaka, kufikira mutakhala ndi nkhope imodzimodziyo kochuluka kuposa zithunzi za ana anu. Musamalankhule ngati munthu wamba. Tchulani manambala a m'buku la Kurt Jaeger, kuti 360, 366 kapena 367, ndipo wosamva mumuyang'ane mwachisoni. Mendulo imene Karl Goetz wa ku Munich adapanga mu 1927, Hindenburg atakwanitsa zaka 80, muitche ndalama, ngakhale kuti sidagulepo ngakhale dzira. Wina akakuonetsani ndalama ya nkhope ya Hitler, igulireni limodzi, osasamala kuti boma lake silidatulutsepo ndalama yoyenda pakati pa anthu yokhala ndi nkhope yake. Chuma chanu muchibise m'bokosi lachitsulo, ndipo aliyense wobwera kudzacheza mumuuze pamene bokosilo lili.

Tafika tsono pa lamulo lalikulu, limene wolisunga adzakhala ndi mtendere masiku ake onse: mbiri ya mwini nkhopeyo muiwerenge kufikira mwezi wa August 1914, pamenepo mutseke buku. Kufikira pamenepo nkhaniyo ndi yokoma. Mwana wa banja la asilikali a ku Prussia, wobadwira ku Posen mu 1847, amene adapuma pa ntchito mu 1911 dzina lake lisanamveke kutali, aitanidwanso ali ndi zaka 66, akwera sitima yapamtunda kupita kummawa, ndipo pasanathe masiku ambiri gulu lina lalikulu lankhondo la Russia lazingidwa ku Tannenberg, asilikali oposa 90,000 agwidwa ukapolo, mtsogoleri wao Samsonov adzipha m'nkhalango. Musafunse kuti mapulani a nkhondoyo adakonza ndani, kuopa kuti mungamve maina a Erich Ludendorff ndi Max Hoffmann, amene nkhope zao sizidakhale pa siliva wa boma. Dziwani chabe kuti malonda a nkhope imeneyi adayamba kale inu musanabadwe, pakuti mu 1915 ku Berlin adaimika chifaniziro chake chamtengo, chotalika ngati mamita 12, ndipo anthu ankalipira ndalama kuti akhomerepo msomali, wachitsulo kwa osauka, wasiliva kapena wagolide kwa opeza bwino, kuti zoperekazo zithandize pa mavuto a nkhondo. Nkhondo yomweyo, imene makolo athu adaitcha ya Chiwaya, idafika ndi ku Karonga mu September 1914, ndipo idatenga amtengatenga ambirimbiri amene sadabwerere kwao. Koma zimenezo sizioneka pa galasi lokuzira zinthu.

Mukapanda kutseka buku mudzapeza zosautsa. Mudzapeza kuti kuyambira 1916 iye ndi Ludendorff ndiwo ankayendetsa nkhondo yonse, ndipo itawakanika mu 1918 iwo omwe ndiwo adaumiriza boma kuti lipemphe mtendere. Komabe mu November 1919, ataimirira pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo, mkuluyo adanena kuti asilikali sadagonje kunkhondo koma adalasidwa kumbuyo ndi anthu a kwao, bodza limene lidakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku cha chipani cha Nazi. Mudzapeza kuti adasankhidwa kukhala pulezidenti mu 1925, nalumbira kusunga malamulo oyendetsera dziko amene adalembedwa ku Weimar. Ndiponso kuti mu 1929, malamulowo atakwanitsa zaka 10, boma lidasula ndalama zachikumbutso za 3 ndi 5 Reichsmark, theka lake siliva, mbali iyi nkhope ya Hindenburg, mbali inayo dzanja lokwezedwa polumbira, ndi mawu olonjeza kukhulupirika ku malamulowo. Imeneyo ndiyo ndalama yoyenera kugula mukafuna kuseka nokha usiku. Mu 1932 anthu okonda ufulu adamuvoteranso, osati chifukwa chomukonda, koma kuti atsekereze Hitler. Pa 30 January 1933 mkuluyo adapatsa Hitler yemweyo udindo wa chansela, ndipo pa 28 February, nyumba ya malamulo itapsa usiku wa dzulo lake, dzanja lija lidasaina lamulo lochotsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wa nyuzipepala, limene silidafafanizidwenso kufikira ulamulirowo utagwa.

Pano ndisiye kaye nthabwala, chifukwa chimene chimandipweteka m'nkhaniyi si mitengo yabodza ayi. Wonamizidwa pa mtengo wataya ndalama zake, ndipo adzapeza zina. Chondipweteka ndi kuona munthu wophunzira, amene atha kukuuzani kuti kalembo ka G kapendekeka pang'ono, akulephera kufunsa funso limene ngakhale a m'Malembo adafunsidwa atatulutsa khobidi la msonkho, la mwini chithunzicho ndi mwini malembowo. Ali ngati wogula mbuzi amene awerenga ubweya wake umodziumodzi, osafunsa khola limene yasolotsedwamo usiku. Ndalama za 1935 kufikira 1939 sizidasulidwe ndi anthu olira maliro a ngwazi. Hindenburg adamwalira pa 2 August 1934 ku Neudeck, lamulo lophatikiza udindo wake ndi wa Hitler litakonzedwa kale dzulo lake, iye akadali kupuma. Ndipo amene adalowa pa khomo limene iye adatsegula ndiwo adaika mutu wake pa siliva, ndi zaka zake 1847 ndi 1934 pambali pake, kuti munthu wokayika ndi boma latsopanolo aone nkhope yodziwika, mtima wake ukhale pansi. Poyamba kuseri kwake kudali chiwombankhanga chokha. Kuyambira mu 1936 chiwombankhangacho chidagwira nkhata yokhala ndi swastika m'zikhadabo zake, ndipo m'mphepete mwa ndalamayo, kuyambira pachiyambi pomwe, adadindamo mawu a chipani chao onena kuti ubwino wa onse uyenera kutsogola pa ubwino wa munthu mmodzi, pa zaka zomwezo pamene Ayuda ankalandidwa masitolo, ntchito ndi unzika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tibwerere ku malangizo athu, pakuti vuto limeneli nalonso lili ndi mankhwala ake, ndiwo kapepala. Ku Germany ndime 86a ya malamulo a milandu imaletsa kuonetsa poyera zizindikiro za chipani chija, kupatula pa maphunziro, kafukufuku ndi zina zotero, chifukwa chake amalonda ambiri a kumeneko akamajambula ndalamayi amaphimba swastika ndi kapepala kapena kadontho. Inunso chitani chimodzimodzi, koma m'mutu mwanu. Wina akakufunsani, yankhani kuti inu mumangokonda mbiri, ndipo muyankhe mwamsanga, asanakufunseni kuti mbiri yake iti. Akakuonetsani ndalama ina ya 1934 yokhala ndi tchalitchi cha asilikali cha ku Potsdam, yamikirani kukongola kwa nsanja yake, osatchula kuti ikukumbutsa tsiku la 21 March 1933, pamene Hitler, atavala suti ya munthu wamba, adaweramira nkhalambayo pamaso pa dziko lonse, masiku awiri okha nyumba ya malamulo isanamupatse mphamvu zolamulira popanda iyo. Musamvetserenso zimene eni dziko akuchita ndi dzinali masiku ano: kuti mzinda wa Münster udalichotsa pa bwalo lake lalikulu mu 2012, kuti Berlin idalifafaniza pa mndandanda wa nzika zake zolemekezeka mu 2020, kapena kuti mtembo wake, umene adauika ndi ulemerero ku Tannenberg, adauthawitsa mu January 1945, nukapezeka ndi asilikali a America mu mgodi wa mchere ku Bernterode, ndipo tsopano ugona pakona ya tchalitchi cha Elisabeth ku Marburg. Kusunga ndalama yotere si tchimo, ndipo nyumba zosungira zinthu zakale nazo zimaisunga, pakuti mlandu suola ndipo umboni wake sautaya. Koma wosunga umboni amafunika kudziwa kuti mlanduwo udali wotani, ndipo kudziwa kotere kumachepetsa chimwemwe cha magolovesi oyera.

Lamulo lotsiriza likhudza tsiku limene mudzatsikira kuli chete. Musanapite, itanani ana anu, muwalumbiritse kuti sadzagulitsa chuma chimenechi, ndipo iwo adzalumbira ndi mtima wonse, atakweza dzanja monga lija la pa ndalama ya 1929. Maliro akadzatha, alendo atabalalika, adzanyamula bokosilo kupita nalo kwa wamalonda, amene adzapatula ziwiri kapena zitatu zosowadi, zotsalazo nadzazikhuthulira pamodzi m'mbale, A ndi J, wa 63 ndi wokwechedwa ndi phulusa uja, popanda tsankho. Ndipo zambiri mwa izo zidzatsata njira imene zinzake zosawerengeka zidatsata kale, ya ku ng'anjo, kumene ndevu, chiwombankhanga ndi mawu a m'mphepete zimasungunuka pa moto umodzi. Musadandaule nazo, mbale wanga, pakuti siliva ameneyo adzapita kukakhala supuni, mphete kapena timawaya ta m'makina a magetsi a dzuwa, ndipo pa zonse zimene zidali pa ndalamayo ndi iye yekha amene adzatuluke wopanda mlandu, popeza ndi iye yekha amene sadalumbire kanthu, sadasainenso kanthu.